Jekete la Onarebulo

Ndinamva pa wailesi ya wometa, Lachiwiri,
singano ili pamlomo, phazi lili pa makina:
akuti a Mpwatiwa ndi makhansala atatu
aunika mozama, afunsa Mulungu ndi anthu,
ndipo aona kuti woyenera kulamula dziko lino
ndi yemwe uja ankamutcha mbava mwezi wathawu
pa bwalo la Jimukana, ife tikuwomba m'manja.

Singano sindinailavule. Ndinayang'ana pa chingwe.
Madiresi makumi atatu ndi anayi,
onse a nsalu ya chipani,
nkhope imodzi kumwetulira paliponse,
pachifuwa, pamimba, kumbuyo,
pakhonde langa lino ku Mpondabwino,
ndipo palibe ndi limodzi lomwe lolipiridwa.

Anthu ofunsidwawo ndi ati?
Abiti Saizi sanafunsidwe.
Anatsika minibasi ya ku Jali dzuwa lili paliwombo,
mawu atasasa ndi nyimbo ya Loweruka,
yomwe anapeka okha akupalira nandolo,
yotukwana mwaluso, yosachoka m'khutu.
"Telala, ndiitani tsopano?
Dzina latsopanoli ndi lalitali,
silikulowa m'ng'oma."

Twaibu naye sanafunsidwe.
Mano ake awiri anatsala pa Chinamwali
tsiku lolimbirana mbendera pa mtengo wa magetsi.
Lero amuuza kuti woponya mwala uja
akwera naye lole imodzi Lamulungu,
ndipo ndi m'bale wake.
Akamaseka amaphimba pakamwa.
Kaya ndi manyazi a mano, sindinamufunse.

Mwina a Mpwatiwa akunena zoona.
Ine ndine yani? Munthu amaloledwa kutembenuka.
Ngakhale Likangala amasiya njira yake mvula ikakula,
kungoti akasuntha, amapita ndi dimba la wina,
ndipo sabwerako kudzapepesa.

Lachinayi galimoto yamagalasi akuda
inaima pafupi ndi ogulitsa makala.
Mwini wake sanatsike.
Dalaivala anatula belo lonunkhira sitolo,
nkhope ina, mano ena, kumwetulira komwe kuja.
"Makumi atatu ndi anayi, pofika Loweruka.
Miyeso muli nayo kale.
Ndi jekete la bwana, likhale la ulemu."
Ndinati, nanga za awa apachingwewa?
Anati imeneyo ndi ngongole ya chipani chakale,
ndikafunse kumeneko.
Kumeneko kuli loko pachitseko,
chikwangwani achipaka laimu.

Usiku magetsi atathima ndinayatsa kandulo.
Chifunga chinatsika m'phiri mpaka pazenera.
Ndinadula jekete, mapewa aakulu monga amakondera,
koma nsalu yam'kati ndinalibe,
ndalama yogulira ndinalibenso.
Ndinatsitsa diresi limodzi pa chingwe,
la mayi wina wonenepa wa ku Matawale,
ndi kulisomola msoko ndi msoko.
Linakwana ndendende.

Ndasoka zaka makumi awiri ndi zisanu,
mayunifolomu a apolisi, mikanjo ya omaliza ku koleji,
ngakhale ya oimba kwaya ku Sadzi,
koma ntchito yaukhondo ngati iyi sindinagwirepo.
Misoko ndinaibisa mbali zonse ziwiri.
Mabatani kuno, mabatani uko.
Matumba akuya, olowera konsekonse.

Mukapita ku msonkhano Lamulungu,
mudzakhale kutsogolo, pafupi ndi nsanja.
Akadzakweza dzanja la mnzawo watsopanoyo,
mudzayang'ane m'mphepete mwa mkono:
diso limodzi la wakale uja likusuzumira,
likudikira mavoti awerengedwe.

Mphepo ikadzawomba molakwika
sadzavutikanso kutuma dalaivala kuno.
Adzangovula, kutembenuza, kuvala.

Otsalawo, makumi atatu ndi atatu, akadali pa chingwe.
Abiti Saizi atengapo limodzi pangongole,
akuti akaphimbira khola la anapiye,
poti Juni wa ku Zomba sasamala za chipani.
Ndalemba m'kope, pansi pa dzina la a Mpwatiwa.